Njovu ya misampha yaima, koma dzanja la mnyamata wanga lasokedwa

Njovu ya waya wa misampha yomwe tinkawotcherera ija yaima. Amene mwadutsa pa paki ija muno mu Lilongwe mwaiona, ndipo ena mwanditumizira kale zithunzi pa WhatsApp ndi mawu oyamikira. Zikomo kwambiri. Pa ntchito zonse zomwe ndawotchererapo, iyi ndi imene ndidzaonetse adzukulu anga. Koma ndikulemba mtima ukuwawa, ndipo ndikufuna amisiri anzanga amene mumalandira ntchito za mabungwe mumve mmene sabata yomaliza inayendera, poti pa zithunzi za mwambo wotsegulira zimenezi simuziona.

Bungwe lina loteteza nyama zakuthengo linatipatsa ntchito yopanga njovu yoti iime pamalo pomwe anthu a m'tauni amapumulirapo. Mafupa ake ndi mapaipi ndi zitsulo zomangira nyumba zija timati ma Y12, koma khungu lonse ndi waya wa misampha yomwe asilikali a m'nkhalango anatola m'tchire. Wayayo anabwera m'matumba, wadzimbiri, wopiringizana. Wina ndi zingwe za mabuleki a njinga, wina ndi woduladula ku mipanda, wina ndi chingwe chokhuthala chotchera njati ndi mvuu. Pa khwekhwe wina ubweya unali ukadamatirira. Ku Liwonde kokha, chiyambireni 2015 pomwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyo, achotsako misampha ya waya yoposa 40,000. Wotchera amakhala akufuna gwape kapena nguluwe ya ndiwo, koma khwekhwe sasankha: amakola fisi, mkango, ngakhale chitamba cha njovu, ndipo njovu yoduka chitamba imavutika kudya ndi kumwa moyo wake wonse. Anzathu a ku Mfuwe ku Zambia anayamba kale kusandutsa waya wotereyu zibangili ndi mikanda. Ife tinafuna chinthu chachikulu, choti mwana wa ku Kawale yemwe sanapondeko ku Liwonde aime pansi pake n'kufunsa kuti waya ameneyu ndi wachiyani.

N'chifukwa chake tinagwirizana kuti makhwekhwe ambiri akhale momwe alili, ozungulira, mfundo zake zikuoneka. Koma mfundo iliyonse imayenera kuphedwa ndi kadontho ka moto kuti isathinenso. Mmisiri aliyense akudziwa kuti waya wopyapyala chonchi sachedwa kupsereza. Moto umafunika wochepa, dzanja lopepuka, ndi nthawi. Nthawiyo ndi imene anatimana.

Lolemba tinathira konkire ya maziko. Inayenera kuthiridwa mwezi wapitawo, koma ndalama ya simenti ndi kwale inali ikuyendabe m'maofesi kufuna siginecha. Konkire imafuna masiku 28 kuti ikhwime bwino, aliyense womanga angakuuzeni. Ife tinauzidwa kuti njovu iime Lachinayi.

Lachiwiri ndi Lachitatu magetsi ku Biwi, komwe timagwirira ntchito, anali ozima pafupifupi usana wonse. Ndinapempha ndalama yobwereka jenereta ndi mafuta ake, yankho n'kukhala loti mulibe mu bajeti. Magolovesi achikopa ndi zotchingira mphuno ndinazilemba pa mndandanda woyamba uja, anazifufuta, amvekere zimenezo mmisiri amabwera nazo yekha. Tinagwira usiku, magetsi akangoyaka, tikupuma utsi woyera wa waya wa galavanaizi uja mpaka mitu kuwawa. Pofika Lachitatu usiku msana, makutu ndi chitamba zinali zitatha, ndipo chitambacho chinatuluka bwino moti ngakhale anyamata a galaja yoyandikana nafe anabwera kudzachiona. Koma pamimba ndi mkati mwa miyendo yakumbuyo mfundo zinali zisanaphedwe. Ndinaimbira foni amayi oyendetsa pulojekiti. Ndinati, “Mayi, tisunthe ndi sabata imodzi yokha. Maziko ndi anthete, ndipo misampha ina ikadali yamoyo.” Anati sizingatheke: mlendo wolemekezeka anavomera kale tsiku, tenti analipira, ma T-shirt anadinda ndi deti lomwe. Ndalama ya ma T-shirt inalipo. Ya mafuta a jenereta ndiyo inalibe.

Tsono Lachinayi. Anatilonjeza galimoto ya kireni. Inabwera lole wamba, tcheni buloko yakale yopachika pa mitengo itatu, ndi anyamata aganyu omwe anawatola pamsewu m'mawa womwewo, oti sananyamulepo chitsulo cholemera chotero. Dzuwa la Okutobala lili pamutu. Tinaitsitsa pang'onopang'ono, miyendo itatu n'kulowa bwino pa mabawuti. Wakumbuyo wakumanzere unakana, unaphonya pang'ono chabe. Mnyamata wanga, amene ndakhala ndikumuphunzitsa ntchito chichokereni ku sukulu, anagwada n'kulowetsa dzanja mkati kuti aukankhe. Nthawi yomweyo tcheni inapulumuka, njovu inapendekeka, ndipo khwekhwe mmodzi wa chingwe cha mabuleki anamugwira pamfundo ya dzanja n'kuthina.

Kukuwa kwake sindidzakuiwala. Anachita zomwe chamoyo chilichonse chimachita, kukoka. Ndipo akamakoka waya ankalowerabe m'mnofu. Ndinakuwa kuti, “Iwe, usakoke! Usakoke, mwana wanga!” koma munthu amene akumva ululu wotero samva mawu. Ndinamugwira paphewa kumukanikiza kuti asunthire kufupi ndi chitsulocho. Pulayala inakanika, chingwe chopota chija chimangophwatalala osaduka. Anyamata aganyu aja, Mulungu awadalitse, analowetsa matabwa pansi pa mimba n'kunyamula ndi mapewa awo mpaka waya anakhwefuka pang'ono, ine n'kulowetsa chodulira mabawuti. Magazi anali atadontha kale pa konkire yatsopanoyo.

Miyezi yonseyi ndakhala ndikugwira waya ameneyu ndi manja anga, kufotokozera alendo obwera ku shedi mmene msampha umagwirira. Koma kuona khwekhwe wadzimbiri, yemwe anatchedwa kalekale m'tchire ndi munthu wosadziwika, akuchitabe zomwe anamupangira, kunandinjenjemeretsa maondo. Mnyamatayo anakodwa mphindi zochepa, anthu tili pompo, chodulira chili pafupi. Nyama imakhala momwemo masiku, yokha, padzuwa.

Bokosi la chithandizo choyamba panalibe. Tinamanga balalo ndi malaya anga. Galimoto ya bungwe inali itaima chapompo, koma anati dalaivala watumidwa kukatenga mabanala ndipo sangasinthe ulendo popanda chilolezo cha ku ofesi. Tinakweza mwana wovulala pa kabaza wa njinga yamoto, ine kumbuyo nditamugwirizira mkono m'mwamba. Tisananyamuke amayi aja anandiyandikira. Ndinayesa afunsa za mwanayo. Anati, “Amisiri, ndiye mawa zitheka?” Kenako anauza mmodzi wa aganyu kuti atunge madzi atsuke magaziwo asanaume, alendo angaone.

Kuchipatala anamusoka, n'kumubaya jakisoni wa kafumbata chifukwa cha dzimbiri lija. Adokotala anati waya anatsala pang'ono kudula mtsempha woyendetsa zala. Mpaka lero zala ziwiri zikuchita dzanzi. Ndi dzanja lamanja, lomwe amagwirira rodi yowotcherera, ndipo mnyamata ameneyu ndiye amagula ufa kwa mayi ake. Ali pabedipo anandifunsa kuti, “Abwana, mwendo uja unalowa?” Ndinalephera kumuyankha msanga.

Madzulo ndinabwerera ku paki. Ndikanatha kunyanyala, ndipo mtima unkandiuza choncho. Koma pa pulogalamu panali ana a sukulu za pulayimale, ndipo mwana akaona njovu chinthu choyamba ndi kulowa pansi pake n'kupisa dzanja. Ndinabwereka jenereta kwa mnzanga wa ku Mchesi ndi ndalama ya m'thumba mwanga, n'kupha mfundo zonse zotsala, imodziimodzi, ndikuyesa iliyonse ndi chala. Mlonda wa pakiyo ankandiunikira ndi tochi. Ndi bambo wachikulire wa ku Kasungu, ndipo tikucheza anandiuza kuti kwawo nkhani ya njovu si yokoma: chibweretsereni njovu 263 kuchoka ku Liwonde mu 2022, abale ake a m'malire mwa nkhalango amagona kumunda kulondera chimanga. Sanalankhule mwaukali. Anangoti akanakonda pachikwangwani pakanalembedwanso za anthu amenewo. Ndinamumvetsa, ndipo ndikuona kuti akunena zoona.

Za Lachisanu sindichulutsa. Kunali tenti, magule, ndi malankhulidwe ataliatali. Anatchula lamulo la 2017 lomwe limalola khoti kumanga wozembetsa minyanga kapena ngaka mpaka zaka 30. Anatchula njovu 520 zomwe zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, zambiri kupita ku Nkhotakota. Zonsezo ndi zoona ndipo ndi zonyaditsa dziko lathu. Anathokoza othandiza ndi ndalama mmodzimmodzi. Za amene anapanga njovuyo anangoti “amisiri athu aluso,” ndipo za amene anali kunyumba dzanja lili m'bandeji sanatchule n'komwe. Chimene chinandigwira mtima ndi ana. Anazungulira, kugwiragwira, ndipo mtsikana wina wamng'ono atauzidwa ndi aphunzitsi ake kuti waya aliyense anatchedwa kuti aphe nyama, anayamba kuwerenga makhwekhwe a pa mwendo umodzi mpaka anasokonezeka. Pamenepo ndinadziwa kuti ntchitoyi yagwira.

Malisiti a kuchipatala ndi a jenereta ndawapereka ku ofesi ya bungwe lija, andiuza kuti akambirana. Gawo lomaliza la malipiro athu silinatuluke. Vanishi yoteteza dzimbiri iyenera kupakidwa mvula isanagwe, apo ayi pofika Febuluwale njovuyi idzakhala ikudontha madzi ofiira pa konkire, koma nayonso akuti mulibe mu bajeti. Ndawalembera kalata, ndipo kope ndasunga: zitsulo zochirikiza zomwe ndaika kumiyendo yakumbuyo asazichotse munthu aliyense, ngakhale zikuipitsa zithunzi, mpaka konkire ikwanitse masiku ake 28. Ndidzabwera ndekha kudzazichotsa ndi kumanganso mabawuti.