Lillard wachoka, koma dzina lake latsala m'buku la Bucks

Nkhaniyi adandiuza ndi muphwa wanga, kumayambiriro kwa July 2025. Ndinali nditangofika kunyumba ku Matawale, chiperoni chikutsika m'phiri, iye n'kundithamangira ndi foni m'manja. "Malume, a Bucks amuchotsa Lillard! Ndiye kuti ndalama zake zija zabwerera, eti?"

Ndidakhala kaye pansi osayankha. Milwaukee Bucks ndi timu ya basketball ya ku America yomwe yandigoneka mochedwa zaka zambiri, kudzuka 2 koloko usiku, bulangete kumutu, kuwerengera bandulo kuti ifike kota yomaliza. Masana ndimalemba mabuku a ndalama pa sitolo ya zipangizo zomangira nyumba m'tauni muno, choncho ndikamva kuti ndalama zabwerera ndimafuna kuona tsamba lomwe zalembedwa.

Sizidabwerere. Ku NBA, ligi yomwe a Bucks amaseweramo, makontirakiti ambiri ndi otsimikizika: wosewera kaya wavulala, kaya mwatopa naye, malipiro ake alandira ndithu. Timu ikamuchotsa, matimu ena amapatsidwa maola 48 kuti amutenge pamodzi ndi kontirakiti yake. Akapanda kupezeka womutenga, munthuyo amakhala mfulu, koma malipiro aja amawerengedwabe pa salary cap, malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera pa chaka. Damian Lillard adaduka mtsempha wa kuchidendene mu April 2025 posewera ndi Indiana Pacers, ndipo adatsala ndi zaka ziwiri za madola pafupifupi 113 miliyoni. Ndani akadanyamula mtolo wotere wa munthu woyendera ndodo?

Apa ndi pomwe a Bucks adagwiritsa ntchito lamulo lotchedwa stretch provision, lomwe lidabwera mu 2011, lolola timu kutambasula malipiro otsalawo pa zaka zambiri m'buku. Ndidatenga kope la masamu la muphwayo n'kumulembera kumapeto: zaka zotsala uchulukitse kawiri, uwonjezere chimodzi. Ziwiri kawiri ndi zinayi, kuphatikiza chimodzi, zisanu. Ndiye m'malo moti madola oposa 54 miliyoni adye malo m'chaka choyamba chokha, buku lionetsa pafupifupi 22.5 miliyoni chaka chilichonse mpaka sizoni ya 2029-30. Ngati wa ngongole ya simenti amene wabwera kudzapempha kuti azipereka pang'onopang'ono: mwezi uno wapuma, koma ngongoleyo ndi yomweyo.

Tayerekezani ndi cap ya 2025-26, yomwe inali madola 154.6 miliyoni. Lamulo silola kuti ndalama zotambasulidwa motere zipose 15 peresenti ya cap, ndipo a Bucks adadutsa mokhula khoma. Malo omwe adatsegukawo adalowetsapo Myles Turner, wochokera ku Pacers komweko, pa zaka zinayi za madola 107 miliyoni. Lillard naye adabwerera ku timu yake yakale ya ku Portland.

Muphwa wanga adati, "Koma malume, Turner tamupeza, vuto lili pati?" Ndidamukumbutsa za Luol Deng, mwana wa ku South Sudan. A Los Angeles Lakers adamupatsa kontirakiti ya madola 72 miliyoni mu 2016, n'kumuchotsa mu 2018. Deng adasiya kusewera mu 2019, n'kuyamba kutsogolera basketball ya kwawo, koma dzina lake lidakhalabe m'buku la Lakers, pafupifupi 5 miliyoni pa chaka, mpaka 2022. Zoona, a Lakers adatenga chikho cha 2020 atasenza katunduyo, sindingabise. Koma 5 ndi 22 ndi mitolo yosiyana. Ndalama ngati 22 miliyoni zimalipira wosewera woyamba masewero, osati wa pa benchi.

Chomwe chikundipweteka ndi katswiri Giannis Antetokounmpo. Munthu adatipatsa chikho mu 2021 patapita zaka 50, koma mu 2025 anzake omuthandiza adayamba kusakidwa ndi thumba lobooka kale. Ndikumvetsa kuti atsogoleri a timu adaopa kutaya chaka chathunthu Lillard ali pa chithandizo, koma ine ndikuona kuti adadya mbewu ya chaka chamawa.

Mnyamatayo adatenga kope lake n'kumayang'ana nambala zija mwakachetechete. Nthawi imeneyo anali Fomu 1. Adawerenga ndi zala, kenako n'kunena kuti, "Malume, ndiye ine ndidzalemba MSCE, zotsatira kutuluka, Lillard adakali m'buku?" Ndidamuuza kuti inde, ndipo pomwe dzinalo lidzachoke m'bukumo, Giannis adzakhala ndi zaka 35.