Ku Melaka ndafikako, koma za khadi lolowera musalipire munthu

Ndabwerako ku Melaka, mzinda wakale wa ku Malaysia, ndipo mtima wakhala pansi. Koma nkhani ya khadi ija ikundiwawabe mpaka lero.

Mlendo wolowa m'dzikolo amayenera kudzaza fomu ya pa intaneti yotchedwa Malaysia Digital Arrival Card, ndipo amaidzaza m'masiku atatu omaliza asanafike. Ndi yaulere, abale anga. Bambo wina wogulitsa matikiti a ndege, yemwe ndinagulako tikiti yanga, anandiuza kuti, "Mayi, musavutike, zonse tikukonzerani." Anandilipiritsa ndalama yapadera, n'kundipatsa chipepala chooneka bwino chokhala ndi mbendera pamwamba. Kufika pa bwalo la ndege ku Kuala Lumpur, dzina langa mulibe m'kompyuta. Kaya anadzaza pa tsamba lachinyengo, kaya sanadzaze n'komwe, akudziwa yekha. Ndinachoka pamzere, n'kuima pambali ndi chikwama, maso ali gwa ndi tulo ta mundege, kulimbana ndi intaneti pa foni kuti ndidzaze ndekha. Fomuyo si yovuta ayi: nambala ya pasipoti, tsiku lofika, ndege, malo ogona ndi zina zochepa. Ndiye ndinalipira chiyani? Pobwerera pamzere anthu anali atachuluka, ndipo basi yomwe ndinaguliratu tikiti inandisiya. Ndinagona ku Kuala Lumpur, n'kulipira chipinda pomwe china chinali chikundidikira ku Melaka. Linali Lamlungu, ndipo msika wausiku wa pa Jonker Street ku Melakako umachitika Lachisanu, Loweruka ndi Lamlungu lokha. Unandipita choncho.

Dzazani nokha, pa tsamba la boma lothera ndi gov.my. Tsamba likangokufunsani ndalama, tulukanimo.

Mabasi a ku Melaka amanyamukira pa depoti ya TBS ku Kuala Lumpur, ndipo ulendo wake ndi wa maola awiri kapena kupitirira pang'ono. Amakutsitsani pa Melaka Sentral, komwe n'kutali ndi mzinda wakale, choncho itanani galimoto pa Grab, pulogalamu ya pa foni yoitanira matakisi. Mukafika pa nyumba zofiira zija, Stadthuys ndi tchalitchi cha Christ Church chomwe Adatchi anamaliza kumanga mu 1753, musachedwepo. Pamakhala phokoso la njinga zokongoletsedwa ndi zidole. Wolokani mlatho.

Chomwe ndinapitira ndi kamsewu kamodzi kopapatiza, komwe anthu amakatcha Harmony Street. Mukangoyenda pang'ono mumapeza kachisi wa Ahindu wa Sri Poyatha Moorthi, womangidwa mu 1781 polemekeza Ganesha, mulungu wa mutu wa njovu. Pafupi pomwepo pali mzikiti wa Kampung Kling, womwe amalonda achisilamu ochokera ku India anamanga mu 1748. Denga lake ndi losanjikizana, lopanda chozungulira chija tinazolowera pa mizikiti ya kwathu, ndipo nsanja yake mungaganize kuti ndi ya kachisi wa Achitchaina. Kutsogolo kwake kuli Cheng Hoon Teng, kachisi wa m'zaka za m'ma 1600, komwe Abuda amafukiza lubani kwa Guan Yin, mulungu wamkazi wa chifundo, pamodzi ndi otsatira Tao ndi Confucius. Ndinaima pakati pa msewu fungo la lubani likundipeza, kwinaku kuitanira mapemphero kukumveka kuchokera ku mzikiti, ndipo mkwiyo wa dzulo lake unayamba kuphwa. Si malo oonetsera alendo chabe; anthu amapembedzamo tsiku ndi tsiku.

Lawirirani m'mawa. Dzuwa la kumeneko likakwera, thukuta limachita kuyenderera, komanso kachisi wa Ahindu ndinamupeza wotseka masana, ndinachita kubwereranso madzulo. Valani nsapato zosavuta kuvula. Chitenje chimathandiza kwambiri: ku mzikiti ndinafunda kumutu ndi m'mapewa popanda kubwereka chovala. Lachisanu masana asiyireni eni ake apemphere.

Ndaiwala za kuhotela. Mlendo wakunja amalipira msonkho wa ma ringgit 10, ndalama ya kumeneko, pa chipinda usiku uliwonse, ndipo Melaka imawonjezerapo kamsonkho kake kosamalira malo akale. Umenewu ndi wovomerezeka, funsani lisiti basi. Sindinadandaule nawo, chifukwa mzinda womwe bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo a mbiri ofunika padziko lonse mu 2008 umafunika kusamalidwa. Ukakwera kaphiri ka St Paul, n'kutsikira pa chipata cha A Famosa, chotsalira cha linga lomwe Apwitikizi anamanga atalanda mzindawu mu 1511, umaona komwe ndalamayo ingagwire ntchito.

Yomwe ikundiwawa ndi ya bambo uja. Nditabwerera kwathu ndinapita ku ofesi kwawo ndi chipepala chawo m'manja. Anati abwana kulibe, ndibwere mawa. Ndalama sanabwezebe, ndipo Lolemba ndikupitakonso. Inu khadi lija dzazani nokha.