Kukaonera Chiefs ndi Pirates ku FNB: nyamukani Lachitatu, osati Lachinayi

Ndabwerako, masewero ndinaonera, koma ndinangotsala pang'ono kuwamvera pa wailesi ya m'basi. Derby, masewero a matimu a mpira a Kaizer Chiefs ndi Orlando Pirates pa bwalo la FNB ku Johannesburg, imakonda kuchitika Loweruka cha m'ma 3:30 masana, ndipo nthawi ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi yakwathu. Ngati mukupita pa basi kuchokera ku Blantyre, nyamukani Lachitatu. Amene akukuuzani kuti Lachinayi lakwana sanagonepo pa boda.

Njira ndi ya ku Mwanza, Zobue, Tete, Cuchamano, Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge. Zidindo ndi 6 popita, 6 pobwera, choncho pasipoti ikhale ndi masamba opanda kanthu okwanira, isakhalenso yoti ikutha mwezi wamawa. Amalawi sitifunika viza yolowera ku South Africa pa ulendo wa masiku osapitirira 30, koma akakudindirani werengani tsiku limene alemba musanachoke pawindo. Masikuwo akhoza kukhala ochepa. Mukapitiriza ngakhale pang'ono, amakuletsani kulowanso kwa chaka, ndipo mukapitiriza ndi masiku oposa 30 ndi zaka 5.

Chimene chinandiwawa ndi kampani ya basi. Anatenga ndalama za anthu osaona n'komwe mapepala awo, kumapezeka kuti ena mapasipoti ali ndi vuto, ena ali ndi ana opanda makalata. Basi siichoka pa boda mpaka aliyense atamaliza. Tinakhala usiku wonse ndi m'mawa womwe, mabasi obwera pambuyo pathu akudutsa, kondakitala akungoti "tinyamuka pompano, bwana." Tsiku lathunthu linathera pamenepo! Musanalipire, funsani ngati amayang'ana mapasipoti pokwera, ndipo ngati sayang'ana pitani kwina. Ndikubwerezanso, Lachitatu.

Ndaiwala za tikiti, zomwe zimayenera kukhala zoyamba. FNB imalowa anthu oposa 90,000 koma matikiti a derby amatha masiku angapo masewero asanafike. Gulani pa intaneti mudakali kumudzi, kapena tumani m'bale amene ali konko akagule kwa ogulitsa amene timu yalengeza. Anyamata ogulitsa panja pa bwalo asiyeni. Tikiti imodzi amaikopera anthu angapo, makina a pageti amalola woyamba yekha, enanu n'kubwerera.

Basi imakutsitsani mkati mwa tauni ya Johannesburg, zambiri pa Park Station kapena pafupi. Foni m'thumba lamkati, ndipo musasinthe ndalama pamsewu. Ma rand pezani musananyamuke, zina zikhale zazing'ono. SIM ya konko imafuna kulembetsa ndi pasipoti komanso umboni wa pomwe mukugona, ndiye sungani lisiti ya kunyumba ya alendo. Soketi zawo ndi za mabowo atatu ozungulira, chaja yathu siilowa popanda adaputa.

Bwalo lili ku Nasrec, m'mphepete mwa Soweto. Mabasi a Rea Vaya amadutsa kumeneko koma amafuna khadi lawo, ligulirenitu Lachisanu. Tsiku la masewero misewu yoyandikira amaitseka, taxi imakusiyani patali, muyenda ndithu. Fikani pageti isanakwane 1 koloko. Izi sindikunena mwamasewera: mu April 2001 anthu 43 anafa popanikizana ku bwalo la Ellis Park pa masewero a matimu omwewa, ndipo mu 2017 ena awiri anafa pa FNB pomwepa. Anthu ochuluka amathamangira pageti akamva kuti mpira wayamba, ndipo mpanipani umabadwira pamenepo.

Mkati mulibe chodetsa nkhawa za jezi. A Chiefs ovala zachikasu ndi a Pirates ovala zakuda ndi zoyera amakhala mosakanikirana, mavuvuzela ali pakamwa. Jekete tengani, m'dzinja mvula yamabingu imagwa madzulo, ndipo kuyambira May dzuwa likangolowa kumazizira koopsa. Mpira ukatha netiweki imadzaza, foni siigwira, choncho gwirizanani ndi anzanu geti lokumanirana musanalowe, mulembe nambala yake papepala.