Tatsegula ofesi pa Chitakale: kumene tachokera ndi ntchito ya manetiweki

Mwezi uno tatsegula ofesi yathuyathu pa Chitakale, ndipo mwezi womwewu tamaliza ndi kupereka kwa eni ake ntchito yaikulu kuposa zonse zimene tinagwirapo: netiweki ya fakitale ina ya tiyi kuno ku Mulanje, kuchokera m'chipinda cha maseva mpaka ku sikelo zoyezera masamba. Mpaka lero pali achibale amene amaganiza kuti ndimakonza mafoni, ena amandiitana kuti ndikawaikire dishi. Ndiye ndati ndifotokoze bwinobwino, makamaka kwa inu mabwana amene mukuganiza zotipatsa ntchito.

Pa esiteti, pachipatala, pasukulu yaikulu kapena pa SACCO pamakhala kachipinda kamene anthu ambiri salowamo. Mmenemo mumakhala rack, kabati yachitsulo imene amamangiriramo ma switch (olumikiza makompyuta), router (yolumikiza ku intaneti), maseva (makompyuta osunga ndi kugawa zonse za ofesi) ndi UPS (batire yogwirizira magetsi akazima). Kachipinda kameneka kakadwala, malipiro a antchito satuluka, makamera amazima, akauntanti amangokhala manja lende. Ife ntchito yathu ili m'menemo.

Pamene ndinkayamba, ndili ndi laputopu imodzi ndi chikwama cha zida, ndinkakumana ndi vuto lofanana kulikonse, ku Luchenza, ku Bvumbwe, pa boma ku Thyolo. Zipangizo anagula zabwino ndithu, koma netiweki yonse ili m'mutu mwa munthu mmodzi. Iye ndiye akudziwa waya uti ukupita kuti, password ya router ndi chiyani, adiresi iti ndi ya seva. Tsiku limene wapeza ntchito ku Blantyre kapena wakwera basi ya ku Joni, zonse wapita nazo. Malo ena ndinapeza printa ndi kompyuta ya malipiro zikulimbirana IP address imodzi, nambala imene chipangizo chimadziwika nayo pa netiweki. Wina akangoyatsa printa, kompyuta ya malipiro imagwa pa netiweki, ndipo anthu anali atayamba kale kunena kuti mu ofesimo muli zamatsenga. Kuseri kwa rack mawaya onse abuluu, opanda chizindikiro n'chimodzi chomwe, atapiringizana ngati khoka la asodzi a ku Chilwa.

Mpamene tinaika lamulo limene tikuyendera mpaka pano: waya sulowa mu switch usanalembedwe. Timalemba mu NetBox, pulogalamu yaulere ya m'gulu limene amati DCIM, yosungira mbiri ya zonse za m'chipinda cha maseva. Inayambira ku kampani ya DigitalOcean ku America, ndipo inatulutsidwa kwa aliyense mu 2016. Timayamba ndi malo, kenako rack. Rack yaitali imakhala ndi mipata 42, imene amati 42U, ndipo chipangizo chilichonse timachilemba pa mpata wake. Tikatero timalemba port iliyonse (polowetsa waya), waya wochoka pamenepo, patch panel (bolodi losonkhanitsira mawaya) imene wadutsa ndi soketi ya pakhoma imene wakathera. Nambala imene ili mu pulogalamu ndi yomweyo imene timamata pa waya, mbali zonse ziwiri. Munthu atha kukhala pa Chitakale n'kumuuza mnzake amene ali ku Limbuli kuti, "Achimwene, zulani wa pa port 14, musakhudze wa pa 15, ndi wa makamera."

Maadiresi nawo timagawiratu tisanagwire chipangizo. Ofesi ya malipiro imakhala pa VLAN yake, kutanthauza chigawo chakechake cha netiweki, makamera pa yawo, Wi-Fi ya alendo payokha, kuti mlendo wodzaonera mpira pa foni asayandikire mabuku a ndalama. Ndipo NetBox imatichenjeza tikafuna kupatsa zipangizo ziwiri adiresi imodzi. Tinene zoona, NetBox siyang'anira ngati seva ili moyo, ntchito yake ndi kusunga momwe zinthu ziyenera kukhalira. Kulondera timasiyira Zabbix, pulogalamu ina imene imafunsa ma switch ndi UPS momwe zilili n'kutitumizira uthenga batire ikayamba kufooka kapena chipinda chikatentha. Ndipo pali china chimene amisiri ochokera m'tauni amachiphunzira mochedwa: waya wa kopa wa Cat6 malire ake ndi mamita 100, koma kuno kunsi kwa phiri, ngakhale nyumba zitatalikirana mamita 40 okha, ife timaika fiber, waya wagalasi wosatenga magetsi. Waya wa kopa pakati pa nyumba ziwiri nthawi ya dzinja ndi msewu wa mphenzi.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi anayamba kuzimazima koopsa, ndipo aliyense ankafuna UPS ndi mabatire. Ntchito inachuluka. Tinatenga ngongole, chikole chake galimoto yathu yokhayo, n'kuitanitsa katundu wambiri kuti makasitomala asamadikire. Katunduyo tinasunga m'kanyumba ka lendi kumunsi, kufupi ndi mtsinje.

Zimene zinachitika mu Malichi 2023 anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo safuna kukumbutsidwa. Namondwe Freddy anatenga anthu, midzi, milatho. Ife tinataya katundu chabe, ndipo sindingayerekeze zathu ndi za amene anaika maliro. Koma kunena za bizinesi, tinathera pomwepo. Madzi atatsika tinapeza ma switch akadali m'makatoni, matope atalowa mpaka m'ma port, mabatire atafufuma. Amene anatikongoza ndalama aja anaimba foni misewu isanatseguke n'komwe, osati kudzapepesa, koma kutikumbutsa tsiku lobweza ndi chiwongoladzanja. Galimoto anailanda. Sindiwatchula, akudzidziwa, ndipo pano akamatitumizira mauthenga oti tikatengenso ngongole ina timangowerenga. Winanso ndi wogulitsa zipangizo wina wa m'tauni amene, poona kuti tapanikizika, anatigulitsa ma switch a kaunjika m'makatoni atsopano. Titalowa mkati mwa imodzi tinapeza ikadali ndi dzina la kampani ya kunja imene inkaigwiritsa ntchito. Bwana, serial number sinama. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye kuti chilichonse chimene tinkafuna kugulanso chinakwera nthawi imodzi.

Chinatidzutsa ndi zolemba zija. Kasitomala wathu wina, chipinda chake cha maseva denga linasasuka ndipo rack yonse inanyowa. Iwo ankaona ngati ayambira pa ziro. Koma mbiri ya netiweki yawo inali mu NetBox, ma config a switch ndi router, kutanthauza momwe tinazitcherera, tinali titasunga kwina, kutali ndi madzi. Ndinakwera kabaza ndi laputopu m'jumbo, tinabwereka zipangizo, n'kumangotsatira zimene tinalemba, port ndi port. Malipiro a mwezi umenewo anatuluka pa nthawi yake, pamene anthu ankafunitsitsa ndalama zogulira malata ndi ufa. Abwana a pamalopo anauza anzawo, anzawowo anauza ena, ndipo ntchito ya fakitale imene tapereka mwezi uno inachokera pakamwa pomwepo.

Mutu umodzi susenza denga. Ndithokoze Mulungu poyamba. Ndithokoze mayi a kunyumba, amene anasamalira banja ndi geni yawo ya nanazi ndi mapeyala miyezi imene ine ndinkabwera chimanjamanja, osandinyoza ngakhale tsiku limodzi. Amayi anga ondibereka, amene mpaka pano sadziwa kuti seva ndi chiyani koma amaipempherera. Alamu anga amene anatibwereka galimoto yawo osafunsa za mafuta. Anyamata ndi atsikana amene ndimagwira nawo ntchito, ena mwa iwo anabwera kuchokera ku yunivesite ya MUST ku Ndata kudzaphunzira ntchito n'kukhaliratu: munakwera m'masiling'i otentha, munakumba ngalande za fiber mu chiperoni, munadikira malipiro mochedwa osathawa. Mchemwali amene amayang'anira NetBox yathu, amene amatibweza pakhomo tikabwera osajambula ma label, zikomo chifukwa cha kuuma mtima kwanuko. Eni nyumba a pa Chitakale, a kabaza amene ankatiyendetsa pa ngongole, ndi makasitomala amene munalipiriratu theka la ntchito pamene tinalibe kalikonse, Ambuye akudalitseni.

Tsopano inu amene mukuwerenga, kafunseni ku ofesi kwanu mawa kuti ndani akudziwa password ya router, ndipo alipo angati. Yankho likakhala munthu mmodzi, bwerani tikambirane. Timayamba ndi kuyendera chipinda chanu, kutsata waya uliwonse ndi kukulemberani zonse mu NetBox, ndipo zolembazo ndi ma password zimakhala zanu, ngakhale mawa mutasankha mmisiri wina. Timayala Cat6 ndi fiber, timagawa ma VLAN, timaika makamera, UPS ndi zotetezera ku mphenzi, ndiponso timaphunzitsa wa IT wanu kuti asamangodalira ife. Chipangizo chilichonse chimene tikugulitsani timatsegula katoni inu mukuona. Timafika Mulanje yense mpaka ku Muloza, Thyolo, Luchenza ndi Phalombe. Sukulu ndi zipatala za mishoni timakambirana zolipira pang'onopang'ono. Mvula isanayambe ndiyo nthawi yabwino yokumba ngalande, choncho amene mukufuna fiber chaka chino fikani msanga pa Chitakale tikulembeni.