Tsiku la ku Kew, pakati pa makalata a anthu oona zachilendo kumwamba

Lero ndaswera ku National Archives ku Kew, kumadzulo kwa London, kumene boma la Britain limasunga zikalata zake zakale. Ndapitako kukawerenga mafayilo a Unduna wa Zachitetezo okhudza zinthu zouluka zosadziwika zimene anthu wamba ankati aziona kumwamba. Mafayilowa anatulutsidwa m'magawomagawo kuyambira mu 2008 mpaka mu 2013, anthu atachulukitsa mafunso pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2005.

M'mawa ndayamba ndi zakale. Mu 1952 Winston Churchill, ali nduna yaikulu, analembera nduna yoona za asilikali a ndege kalata yachidule yofunsa kuti nkhani ya mbale zoulukayi ikutanthauzanji, ndipo anamuyankha kuti akatswiri anafufuza kale chaka chapitacho n'kupeza kuti zonse zikhoza kulongosoledwa: nyenyezi, ndege, mabaluni, mbalame, kunyengedwa kwa maso kapena bodza la dala.

Koma chimene chandikhazika pansi mpaka masana ndi makalata a anthu wamba ndi mayankho ake. Munthu akanena kuti waona chinthu, ankafunsidwa tsiku ndi nthawi, kutalika kwa nthawi imene anachiona, maonekedwe ake, kumene chinkalowera, mmene nyengo inalili, ndiponso ngati pafupi panali nyumba zazitali, mawaya a magetsi kapena bwalo la ndege. Mafunsowa ndi anzeru ndithu. Chodabwitsa n'chakuti yankho lobwerera kwa munthuyo linkakhala pafupifupi limodzimodzi chaka ndi chaka: undunawo unkati umayang'ana malipoti oterewa pofuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, ngati mlengalenga mwa dzikolo mwalowa chinthu cha adani kapena chosaloledwa, ndipo ukaona kuti palibe choopseza chitetezo, sulimbananso n'kufufuza kuti chinthucho chinali chiyani.

Ine ndikuona kuti gwero la kusamvana lili pomwepa. Wolemba kalata ankafunsa kuti chimene anaonacho n'chiyani, pamene boma linkayankha funso lina, lakuti kodi n'choopsa. Munthu amene wapatsidwa yankho la funso limene sanafunse sachedwa kuganiza kuti akumubisira kanthu, ndipo sindingamudzudzule kwambiri, ngakhale kuti m'mafayilo amene ndawerenga ndapezamo kutopa kwa ogwira ntchito ochepa koposa chinsinsi chilichonse. Ngakhale nkhani ya ku nkhalango ya Rendlesham ku Suffolk mu December 1980, imene Lieutenant Colonel Charles Halt, msilikali wamkulu wa ku America, anailembera lipoti lofotokoza kuwala kwachilendo pafupi ndi malo a asilikali a ndege, inatsekedwa ndi mawu omwewo akuti ilibe vuto pa chitetezo.

Nditadya nkhomaliro ndakhala ndikuyerekeza zimenezi ndi za kwina. Asilikali a ndege a ku America, pansi pa ntchito yofufuza malipoti oterewa yotchedwa Project Blue Book imene inatha mu 1969, anasonkhanitsa malipoti 12,618 ndipo 701 anatsala osalongosoledwa. Kumeneko ankayesako kutchula chimene munthu anaona. France inasankha njira ina mu 1977 popereka ntchitoyi ku bungwe lake loona za kuthambo la CNES ku Toulouse, osati kwa asilikali, ndipo nthambiyo, imene lero imatchedwa GEIPAN, imaika zofufuza zake pa intaneti. Kwa ine njira ya France ndiyo yolemekeza wofunsa, chifukwa amene akufufuzayo ntchito yake ndi kudziwa, osati kulondera malire chabe.

Chakumadzulo ndafika pa mafayilo omaliza, a zaka za 2007 mpaka 2009. Mu 2009 mokha munabwera malipoti 643, kuchuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi chaka chapitacho, ndipo ambiri ankafotokoza timipira tamoto tofiirira toyenda mwakachetechete m'magulu, zimene zikufanana kwambiri ndi nyali zamapepala zimene anthu anayamba kuulutsa pa maukwati ndi pa zikondwerero zina nthawi imeneyo. Akuluakulu analangiza nduna ya zachitetezo, Bob Ainsworth, kuti pa zaka zoposa 50 palibe lipoti ngakhale limodzi limene linasonyeza chiopsezo kwa dzikolo, ndiponso kuti ntchitoyi inkangodya ndalama ndi nthawi ya anthu ofunika kwina. Mu December chaka chomwecho ofesi ya undunawo yolandira malipotiwa inatsekedwa, pamodzi ndi nambala ya foni ndi adiresi ya imelo zimene anthu ankatumizirako malipoti awo.