Tsiku la munthu wopuma pantchito limafuna mwini wake

Munthu amene wagwira ntchito ya boma mpaka kukwanitsa zaka 60 amakonzekera zinthu zambiri tsiku lopuma lisanafike: amalondola fayilo yake m'maofesi, amawerengera ndalama za penshoni, ndipo ngati anali wochenjera amakhala atakhoma kale malata pa nyumba ya kumudzi. Chimene ambiri a ife sitikonzekera ndi tsiku lenilenilo, kuyambira m'bandakucha mpaka nthawi yogona, lomwe kwa zaka zonse zija linkakonzedwa ndi anthu ena. Ndikulemba izi monga mphunzitsi wakale wa pulayimale amene anapuma ali mphunzitsi wamkulu, n'kusamuka m'nyumba ya pasukulu kubwerera kumudzi kwa akazi anga kuno ku Mulanje, m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza.

Pasukulu pathu belu linali limu ya galimoto yopachikidwa pa mtengo wa mango, ndipo mwana amene ankasankhidwa kuliimba ankalimenya ndi chidutswa cha khasu lakutha. Limu imeneyo ndiyo inkanena nthawi yosesa, nthawi ya asembule, nthawi yopuma ndi nthawi yoweruka. Makolo ankanditama kuti ahedi ndi munthu wosunga nthawi, koma nditapuma ndinaona kuti mbali yaikulu ya khalidwe limenelo inali ya sukulu. Amene anali mphunzitsi mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana anakhamukira m'makalasi mpaka ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo, akudziwa kuti mphunzitsi akangochedwa pang'ono phokoso la ana linkamveka mpaka kumsewu. Sitinkafunika kudzikakamiza kudzuka, popeza panali ana amene ankatidikira, ndiponso panali mlangizi wa maphunziro amene ankatha kutulukira ndi njinga yamoto tsiku lililonse n'kufunsa sikimu ndi malesoni pulani, zolemba zimene mphunzitsi amakonzeramo zoti aphunzitse.

Zonsezi zimatha tsiku limodzi, ndipo paja amati walira mvula walira matope. Miyezi yoyamba ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa zinthu ziwiri zimakumana: nthawi yopanda mwini ndi ndalama zochuluka zimene munthu amalandira kamodzi popuma. Ndaona anzanga amene anali aphunzitsi olemekezeka akuyamba ndi kudzuka dzuwa litakwera, kenako kupita pa Chitakale kapena pa Limbuli kukangoona anthu, kenako bawo, kenako botolo limodzi la masana limene pakutha pa chaka limakhala la m'mawa. Palibe aliyense wa iwo amene anasankha kuwonongeka. Kungoti panalibenso amene akanavutika iwo akapanda kudzuka, ndipo munthu akazindikira kuti kudzuka kwake ndi kugona kwake n'chimodzimodzi kwa anthu onse, thupi limasankha mphasa.

Malangizo amene timapatsana kawirikawiri ndi akuti lembani taimutebulo, ndipo aphunzitsi timaidziwa bwino ntchito yojambula mizere. Ndalowapo m'nyumba za anzanga momwe pepala lokongola lamatidwa pakhoma, 5 koloko kupemphera, 6 koloko kumunda, 2 koloko kuwerenga, pamene mwini wake ali pakhonde akuwodzera ndi wailesi. Pepala silikwiya, silifota, ndipo silifunsa kuti munali kuti. Maganizo anga ndi akuti chizolowezi chimene chimakhazikika ndi chokhacho chimene chamangiriridwa ku chinthu chomwe chiwonongeke kapena munthu amene akhumudwe inu mukapanda kufika. Kudziletsa kwa munthu wamkulu kumagona pa kusankha bwino zinthu zomukakamiza, popeza kulimba mtima kokha kumatha msanga pamene kunja kukuzizira.

Kwa ine chinthu choyamba chinali tiyi. Mbewuyi inayamba kulimidwa ngati yogulitsa kuno ku Mulanje mu 1891, pamene Henry Brown anaibzala ku Thornwood, ndipo kwa zaka zambiri inali ya maesiteti okha mpaka m'zaka za m'ma 1960 pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulowamo, bungwe la Smallholder Tea Authority n'kukhazikitsidwa mu 1967. Atsibweni a akazi anga anali m'gulu la alimi amenewo, ndipo kamunda kamene anabzala ndiko kanagwera m'manja mwa mayi a kunyumba kuno, monga mwa mwambo wathu woti malo amayenda kuchikazi. Pamene ndinali pantchito tinkangolemba aganyu. Nditapuma ndinapempha kuti mizere ina ikhale yanga.

Tiyi ndi kapitawo wouma mtima kuposa onse amene ndinagwira nawo ntchito. M'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, amaphuka mofulumira kotero kuti mzere umene wathyoledwa lero umafunanso manja pakapita sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Chimene chimafunika ndi masamba awiri anthete ndi kansonga kake. Ukachedwa masiku ochepa masambawo amakhwima, ndipo kalaliki wa pasikelo amapisa dzanja m'dengu, n'kutulutsa ophwanyika ndi okhwima, n'kukuuza kuti ukhale pambali usankhe pamene anzako akuyezetsa. Ukawapanikiza kwambiri m'dengu kapena kuwasiya padzuwa amatentha n'kuyamba kufiira, ndipo amenewo fakitale siwafuna. Galimoto yotenga masamba ikanyamuka yanyamuka, ndipo tiyi wothyola lero sangagone kuti akagulitsidwe mawa. Choncho tsiku lothyola silifuna kukambirana ndi mtima: umadzuka kusanache, umavala pulasitiki m'chiuno chifukwa mame a m'tiyi amanyowetsa mpaka m'mafupa, umabereka dengu, ndipo pamene nkhungu ikuchoka pa phiri umakhala utapita kale patali. Masabata oyamba zala zinkachita matuza ndipo amayi othyola nawo ankaseka kuti choko chinafewetsa manja a ahedi, koma kusekedwa kumeneko nakonso kunkandidzutsa, popeza sindinkafuna kufika pasikelo ndi dengu losadzaza.

Vuto la tiyi ndi lakuti amapuma. Kuyambira Meyi kupita m'tsogolo kuphuka kumachepa, chiperoni chimabwera ndi kamvula kake kowaza ndi mphepo yozizira, ndipo m'mawa wa mu Juni kapena Julayi munthu wa zaka zanga amakhala ndi zifukwa zomveka zokhalira m'bulangeti. Nyengo imeneyi ndiyo inandiphunzitsa kuti chokakamiza chimodzi sichikwana chaka chonse. Kudulira tiyi kumatenga masabata angapo, kupanga manyowa kumatenga ena, ndipo nandolo akauma amafuna kukololedwa asanayambe kuthetheka m'munda, koma zonsezi zimalola kuti unene kuti mawa. Chimene sichilola ndi mbuzi. Ndinagula zochepa dala, osati chifukwa cha phindu lokha, koma chifukwa kuno malo ndi ochepa, minda ya anthu yathinana ndi maesiteti, ndipo mbuzi yosamangidwa bwino imakubweretsera mlandu kwa amfumu dzuwa lisanalowe. Ziyenera kutulutsidwa m'khola, kumangidwa pamsipu, kusunthidwa masana, kumwetsedwa ndi kutsekeredwa, ndipo zikachedwa kutulutsidwa zimalira mpaka mudzi wonse udziwe kuti mwini wake adakagona.

Masana ndinawapereka kwa ana. Lachiwiri ndi Lachinayi ana a sitandade 8 a m'mudzi muno amabwera pakhonde ndi makope awo kuti tikonzekere mayeso a MANEB, ndipo sindiwalipiritsa kanthu. Ena amaganiza kuti ndimachita izi chifukwa cha chifundo chokha, koma zoona zake n'zakuti anawo amandisunga pakhomo pa nthawi imene anzanga amakhala akulowera kumsika, ndipo amandikakamiza kutsegula buku usiku wake kuti ndisakachite manyazi ndi samu imene ndinaiwala.

Pali nkhani ina imene amuna opuma pantchito sitiikamba mokwanira, ndiyo yakuti pakhomo pamene tikubwerera pali kale ndondomeko yake. Mayi a kunyumba kuno akhala akuyendetsa tsiku lawo kwa zaka zambiri popanda wowaimbira belu: amadziwa nthawi yopita kumjigo mzere usanatalike, tsiku lopita kuchigayo, ndiponso kuti kalongonda amafuna kutereka m'mawa kwambiri ndi nkhuni zokwanira chifukwa saphikidwa mothamanga. Mwamuna amene wazolowera kulamula aphunzitsi ndi ana amafika ndi mtima wofuna kukonza zonse, ndipo apa ndi pamene mabanja ena a anzanga anayamba kukangana atakalamba kale. Mawu amene anandithandiza ananenedwa mwaulemu ndi mayi a kunyumba kuno, tikumwa tiyi: "Bambo, inu samalani nthawi yanu, ya kukhitchini ili ndi eni ake." Kwa mkamwini mawu amenewa ndi olemera kawiri, chifukwa alamu ndi apongozi amakhala akuyang'ana ngati wabwera kudzathandiza kapena kudzakhala mtolo. Kuchokera pamenepo ndondomeko yanga inayamba kuzungulira yawo: nkhuni ndimawaza madzulo kuti m'mawa azipeze, ndipo nthawi ya nsima ndiyo imadula ntchito zanga, osati ntchito zanga kusuntha nthawi ya nsima.

Pa ndalama ndifupikitsa, ngakhale kuti ndi pomwe ambiri amagwera. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anali atangosunga ndalama zawo zopumira osaziika m'chinthu chooneka anaona mitengo ya feteleza ndi simenti ikuwathawa. Ine ndimapita ku boma tsiku limodzi pamwezi, penshoni ikalowa, ndili ndi pepala la zogula lomwe talemba awiri, ndipo zotsala zimapita ku banki m'khonde, komwe wochedwa pamsonkhano amalipa chindapusa ngakhale akhale mphunzitsi wamkulu wakale. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi amakhala pafupi ndi chitini cha shuga, kotero kuti sindingathire shuga m'kapu osawaona, ndipo tsiku lokayezetsa kuchipatala limalembedwa pa kalendala ya kutchalitchi imene aliyense m'nyumba muno amaiyang'ana.

Ndondomeko ya kumudzi iyeneranso kudziwa kuti idzasokonezedwa. Maliro akagwa zonse zimaima, ndipo munthu wopuma pantchito alibenso chowiringula choti akuyembekezeredwa kuofesi. Amagona kusiwa, amaperekeza kumanda, mwinanso amapemphedwa kulemba chipepeso chifukwa amadziwa kugwira cholembera. Zimenezi si kutaya nthawi, ndi udindo. Chimene ndimayang'anira ndi m'mawa wotsatira, chifukwa ulesi umalowera pa mawu akuti ndipumeko kaye lero. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula milatho, kukokolola minda ndi kugwetsa nyumba kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kum'mwera, panalibe sikelo, panalibe sukulu, ndipo ana anga a pakhonde ena anali m'misasa. M'masabata amenewo ndinangosunga zinthu zing'onozing'ono zimene madzi sakanatha kundilanda: kudzuka nthawi yomweyo, kumeta ndevu, kutulutsa mbuzi, ndi kupita kukathandiza amene ankadzutsa makoma. Ntchito zina zitayambiranso zinapeza thupi lisanaiwale nthawi yodzuka.

Madzulo aliwonse, nditatsekera mbuzi, ndimalemba m'kope lachikuto cholimba ntchito za mawa, ndipo sindilemba zambiri kuposa zimene ndingathe kumaliza dzuwa lisanafike pamutu. Kusiyana kwake ndi taimutebulo ya pakhoma n'kwakuti pa ntchito iliyonse ndimalembapo amene akuidikira: kalaliki, mdzukulu wofuna kuperekezedwa kusikelo ya ana, msungichuma wa banki m'khonde, kapena mnansi amene ndamulonjeza mbande. Ntchito imene ilibe woidikira ndimaiika m'mawa kwambiri, chifukwa ikafika masana sichitika. Foni ndiyo ikundipatsabe ntchito, popeza magulu a WhatsApp a aphunzitsi opuma amayamba kulira usiku ndipo nkhani za ndale sizitha. Panopa imagona pabalaza, kutali ndi bedi.

Mawondo ayamba kudandaula ndi kutsetsereka kwa munda wa tiyi, ndipo mvula ikubwerayi mizere ya kumtunda ndiipereka kwa waganyu. Tagwirizana kale kuti iye azithyola, koma dengu lake ndi langa ndizikayezetsa ndekha, ndipo khadi lolembapo makilogalamu lizikhala m'thumba langa, kuti tsiku lothyola lipitirize kundifuna pasikelo galimoto isananyamuke.