Momwe ndinapezera thandizo la maphunziro m'semesita yanga yoyamba ku Zomba

Wophunzira amene wangochoka ku sekondale amafika ku yunivesite atazolowera kuti mphunzitsi amalemba notsi pa bolodi iye n'kumakopera, ndipo akapanda kupereka ntchito mphunzitsiyo amamulondola. Ku University of Malawi ku Zomba, kumene anthu ambiri amakutchulabe kuti ku Chanco ngakhale kuti dzina la Chancellor College linatha mu 2021 pamene makoleji ena anaima paokha, ndinapeza kuti thandizo lilipo lochuluka ndithu, koma palibe amene amakubweretsera kuchipinda. Uyenera kudziwa khomo loti ugogode, ndipo makomowo amatseguka motsatana, chifukwa lina silitseguka usanadutse pa linzake.

Khomo loyamba ndi kulembetsa. Dzina langa litatuluka pa mndandanda wa osankhidwa umene bungwe la National Council for Higher Education limatulutsa, ndinasonkhanitsa kalata yondiitana, umboni wa zotsatira za MSCE, chiphaso cha unzika ndi risiti ya kubanki, ndipo pepala lililonse ndinalichititsa fotokope ndisanachoke kwathu. Kulembetsa kukatha umalandira nambala yako ya wophunzira ndi chiphaso cha sukulu, ndipo ziwirizi ndi zimene zimakulowetsa m'laibulale, m'chipinda cha makompyuta ndi m'chipinda cha mayeso. Ine ndinali nditapempha ngongole ya maphunziro ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, choncho mafunso anga onse okhudza fizi ndi malo ogona ndinapita nawo ku ofesi ya Dean of Students, yoona za umoyo wa ophunzira, m'masiku oyambirira omwewo, m'malo modalira mphekesera za m'magulu a WhatsApp.

Kenako inafika sabata yolandira alendo, pamene akuluakulu a sukulu amalankhula kwa ophunzira atsopano ndi kuwadziwitsa za maofesi osiyanasiyana. Anzanga ena ankaona ngati masiku amenewa ndi oti akazolowere tauni. Ine ndimaona kuti mwa zonse za sabata imeneyi, chosayenera kuphonya ndi ulendo woyendera laibulale, pakuti zimene wogwira ntchito m'menemo amafotokoza mu ola limodzi, munthu payekha angathe semesita yathunthu asanazitulukire.

Tsiku limenelo tinasiya zikwama pakhomo, n'kuonetsa ziphaso, ndipo mayi wina wa m'laibulalemo anatenga buku limodzi n'kutionetsa kapepala koyera komatidwa kumsana kwake, kokhala ndi zilembo ndi manambala. Anatiuza kuti mabuku sanasanjidwe potsata dzina la wolemba ayi, koma potsata dongosolo la Library of Congress, laibulale yaikulu ya ku America, limene limapatsa phunziro lililonse chilembo chake: H ndi wa maphunziro a chikhalidwe ndi chuma, K wa malamulo, L wa za uphunzitsi, Q wa sayansi, ndipo pansi pa Q pali QA wa masamu. Mbiri ya Africa ili pa DT, pomwe zilankhulo za mu Africa muno, kuphatikizapo Chichewa, zili chakumapeto kwa PL. Kuyambira pamenepo ndinatsata njira imodzi: ndimafufuza mutu wa buku kapena dzina la wolemba m'katalogi ya pa kompyuta, ndimakopera nambala yonse popanda kusiya ngakhale kadontho, kenako ndimapita ku shelefu. Ubwino waukulu wa dongosololi, umene ndinauzindikira nditayamba kulemba asayimenti yoyamba, ndi wakuti mabuku a nkhani imodzi amakhala moyandikana, moti ukapeza kuti buku limene umafuna wina watenga, kumanja ndi kumanzere kwa mpatawo kuli ena amene angakuthandize chimodzimodzi.

Mabuku amene kalasi yonse ikuwafuna nthawi imodzi saikidwa pa shelefu wamba. Amasungidwa pa kauntala ya reserve, pamene umabwereka kwa maola ochepa n'kubweza kuti mnzako awerengenso, ndipo wochedwa kubweza amalipira chindapusa. Ndinaphunzira kupita pamenepo ndikudziwa kale chaputala chimene ndikufuna, kuti nthawi isathere kutsegula masamba. Gawo lina limene ndinalikonda kwambiri ndi la Malawiana, losungira mabuku, malipoti a boma ndi kafukufuku wokhudza dziko lino, ndipo zimenezi zimawerengedwa pomwepo, sizituluka panja. Wophunzira mbiri kapena chikhalidwe ali ndi mwayi winanso, chifukwa National Archives of Malawi, kosungirako zikalata zakale za dziko lino, nayo ili mumzinda womwewo wa Zomba.

Pa za intaneti, ndinapempha kuti andilumikize ku netiweki ya sukulu pogwiritsa ntchito nambala yanga, ndipo mpamene ndinadziwa kuti magazini a kafukufuku amene pa foni yanga ankandiuza kuti ndilipire madola, pa netiweki imeneyi ambiri amatseguka popanda kulipira. Izi zimatheka chifukwa malaibulale a m'dziko muno analowa m'mgwirizano wa MALICO umene umalembetsa nkhokwe zoterezi pamodzi, komanso chifukwa cha mapulogalamu monga Research4Life, yothandiza mayiko osauka kupeza magazini otere, ndi mwayi umene JSTOR, nkhokwe ya pa intaneti ya magazini a kafukufuku, imapereka ku sukulu za mu Africa. Chizolowezi changa chinali chakuti ndikakhala pasukulu masana ndizikopera nkhani zonse zimene ndikufuna n'kuzisunga pa flash, kuti usiku ndiwerenge popanda kuwononga bandulo.

Thandizo la aphunzitsi limayambira pa pepala limene ambiri amalipinda n'kuliiwala, la course outline. M'menemo muli mitu ya sabata iliyonse, mabuku oyenera kuwerenga, masiku operekera ntchito, ndi momwe malikisi agawidwira pakati pa ntchito za m'kati mwa semesita ndi mayeso omaliza. Ndinatenga masiku onsewo n'kuwalemba pa kalendala imodzi imene ndinaimata pakhoma, ndipo ndinaona msanga masabata amene ntchito za maphunziro angapo zinkakumana. Pamene sindinamvetse m'kalasi lalikulu, ndinkalemba funso langa bwinobwino n'kupita nalo ku tutorial, kumene gulu limakhala lochepa, kapena ku ofesi ya mphunzitsi pa nthawi imene iye anatiuza kuti amaonana ndi ophunzira. Poyamba mwendo unkalemera, pakuti kwathu mwana salowa m'ofesi ya wamkulu asanaitanidwe, koma ndinaona kuti mphunzitsi amalandira bwino munthu wobwera ndi funso lenileni, amene akuonetsa kuti wawerenga ndipo wakakamira pamalo penipeni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Phunziro la Language and Communication Skills ena amalipeputsa poganiza kuti ndi Chingerezi cha ku sekondale chobwereza, koma ine ndi mmene ndinaphunzirira kulemba notsi mphunzitsi akulankhula, kumanga mfundo m'nkhani yaitali, ndi kutchula gwero la mawu alionse amene si anga. Kukopera ntchito ya wina popanda kumutchula ndi mlandu waukulu ku yunivesite, ndipo njira yodzitetezera ndi yosavuta: pamene ukuwerenga, lemba nthawi yomweyo dzina la wolemba, chaka, mutu wa buku ndi tsamba, usanabweze bukulo.

Za malo owerengera, ine ndinkakhala m'nyumba ya lendi ku Chikanda monga ophunzira ena ambiri, ndipo chipinda chogona anthu angapo si malo owerengeramo zozama. Choncho ndinkalawirira ku laibulale, ndipo madzulo ine ndi anzanga ochepa a kosi imodzi tinkakumana m'kalasi lopanda anthu, aliyense atakonzekera mutu umodzi woti afotokozere ena, kenako n'kubwerera limodzi kukada. Gulu lotere limathandiza pokhapokha likakhala laling'ono ndipo aliyense wabwera atawerenga.

Pali thandizo linanso limene wophunzira watsopano ayenera kulidziwa ngakhale asakulifuna lero. Mnzathu wina wa vuto la kuona anakalembetsa ku malo othandizira ophunzira a ulumali kumayambiriro kwenikweni, ndipo zimenezi zinathandiza kuti zowerenga ndi mayeso ake zikonzedwe m'njira yomuyenera nthawi ikadalipo. Chimodzimodzinso amene wadwala kapena waferedwa: apite kuchipatala cha sukulu kapena ku ofesi ya Dean of Students, atenge kalata, ndipo adziwitse dipatimenti yake tsiku la mayeso lisanadutse.

Mayeso atayandikira ndinafunsa m'laibulale ndi kwa ophunzira a chaka chachiwiri mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndipo ndinkawayankha ndikudziikira nthawi monga m'chipinda cha mayeso. Ndandanda ya mayeso itatuluka ndinaiyerekeza ndi maphunziro amene ndinalembetsa, kuti ngati pali awiri ogundana tsiku ndi ola ndikanene ku dipatimenti ndandanda yomaliza isanakhomedwe.